Kodi mayi anga aikwanitsa pulogalamu ya pafoni ya m'sitima yapamadzi?

Mayi a ku Chilenje:
Abale, ndikupempha nzeru. Mu Disembala ndikutenga mayi anga, a zaka 71, pa ulendo wa sitima yapamadzi yonyamukira ku Durban kupita ku gombe la Mozambique, ndipo atiuza kuti tiike pulogalamu ya sitimayo pafoni tisanachoke ku Lusaka. Mayiwo foni amaidziwa poyankha ndi pomvera mauthenga a WhatsApp basi. Inu amene munakwerapo, kodi pulogalamuyi inakuthandizani, kapena ndi msampha wotidyera ndalama?

Bambo a ku Matero:
Mayi, iikeni mukadali kunyumba. Imagwira ntchito ndi wifi ya m'sitimamo ngakhale musanagule intaneti, ndipo imaonetsa mapu a sitima, nthawi ya chakudya ndi ndalama zimene mwagwiritsa ntchito. Mapuwo musawapeputse, chifukwa makonde a m'sitima amafanana onse, moti tsiku loyamba ndinazungulira ndi chikwama m'manja osachiona chipinda changa. Koma sitima ikangochoka padoko, ikani foni pa airplane mode, yomwe imazimitsa netiweki, kenako muyatse wifi yokha. Pakati pa nyanja foni imalumikizana ndi netiweki yodzera pa setilaiti, yomwe mtengo wake ndi woboola m'thumba. Ine ndinaiwala, ndipo kunja kukucha ndalama zonse za m'foni zinali zitatha.

Agogo a ku Kabwata:
Ine sindinakondwere nayo, mwanawe. Patebulo la chakudya anthu anali zyolizyoli pafoni, nyanja ili pawindo pomwepo. Zilembo zake ndi zazing'ono, ndipo kawirikawiri inkandikopa kuti ndigule zakumwa ndi zithunzi. Ndinapita ku ofesi yolandirira alendo kukapempha ndandanda ya tsiku yosindikizidwa papepala, ndipo anandipatsa. Chitseko cha chipinda ndinkatsegula ndi khadi, kulipiranso ndi khadi lomwelo.

Bambo a ku Matero:
Agogo anena zoona, koma pali chimodzi chosathawika. Sitima ya Costa Concordia itachita ngozi mu 2012, malamulo anakhwimitsidwa kuti apaulendo aziphunzitsidwa za chitetezo sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Masiku ano sitima zambiri zimaonetsa phunzirolo pafoni kapena pa TV ya m'chipinda, kenako munthu amakaonekera yekha pamalo osonkhanira pakagwa ngozi. Kumeneko muwaperekeze mayi, aone malowo ndi maso awo.

Mayi a ku Chilenje:
Zikomo nonse. Pulogalamuyo ndiika pafoni yanga yokha, mayi aziyenda ndi khadi lawo m'khosi ndi pepala m'chikwama.