Kodi ndigule tambala wa Mikolongwe amene anavulaza mwana wa mwini wake?

Anambewe, Santhe: Moni nonse a m'gulu lathu la alimi a nkhuku. Ndili ndi mathadzi 12 achikuda, koma tambala wanga anafa ndi chitopa mwezi wa Okutobala. M'mudzi woyandikana ndi wathu muli bambo amene akugulitsa tambala wamkulu wakuda wa Mikolongwe pa mtengo wotsika kwambiri, pafupifupi theka la umene amatchula pamsika wa Chinkhoma. Chifukwa chake sanandibisire ayi: tambalayo amathamangitsa anthu pabwalo, ndipo masiku apitawa anabaya mwana wawo pakatumba ndi chikhadabo chakuthwa chija cha kuseri kwa mwendo. Pakhomo panga pali adzukulu awiri, wina wa zaka 3, wina wa zaka 6. Ndikupempha nzeru zanu ndisanapereke ndalama.

A Phiri, Chamama: Mayi, ine ndikuti gulani msanga ena asanakutsogolereni. Nkhuku zimene timati za Mikolongwe ndi mtundu wa Black Australorp, ndipo boma lakhala likuzifalitsa m'midzi kwa zaka zambiri ndi cholinga chomwechi, choti atambala ake azikwera mathadzi achikuda kuti anapiye azikula matupi ndipo misoti iziikira mazira ochulukirapo. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10, choncho anu 12 sangamulemere kwenikweni. Ukali wake ndi womwewo umene umathamangitsa mphamba ikatsikira anapiye. Chikhadabocho chisakuopseni, chifukwa nsonga yake imapalidwa ndi fayilo mpaka kubuntha. Chofunika n'kusadula mozama, popeza m'kati mwake muli fupa ndi magazi, komanso kukumbukira kuti chimameranso, ndiye muyenera kumabwereza.

Anankhoma, Mtunthama: Ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo ndisanalankhule za malonda ndikufuna kudziwa za mwana amene anabayidwayo. Anambewe, kodi anapita naye kuchipatala?

Ndikufunsa chifukwa bala la tambala limanyenga maso. Pamwamba limaoneka ngati kabowo kakang'ono kosatuluka magazi ambiri, koma limalowa mozama, ndipo chikhadabo chimene chalowacho chimakhala chaponda zitosi, ndowe ndi dothi tsiku lonse. Khungu likatseka pamwamba, zonyansazo zimatsalira m'kati mopanda mpweya, ndipo malo otere ndi amene tizilombo ta kafumbata timawakonda. Tizilomboti timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto kwa nthawi yaitali osafa. Zizindikiro sizibwera tsiku lomwelo, zimatenga masiku 3 mpaka 21, nthawi imene makolo aiwala kale za balalo. Munthu amayamba kuuma nsagwada ndi khosi, kuvutika kumeza, kenako thupi lonse limakungika modzidzimutsa. Matendawa akafika pamenepo ndi ovuta kuchiza ngakhale m'chipatala chachikulu, pomwe kuwapewa kumangofuna katemera.

Anambewe, Santhe: Sanapite naye, mayi. Amayi ake anandiuza kuti anathira phulusa pabalapo n'kumanga kansalu. Dzulo ndinamuona mwanayo akutsimphina, ndipo pozungulira balalo patupa.

Anankhoma, Mtunthama: Ndikukupemphani kuti mupite kukawauza lero lomwe kuti atengere mwanayo kuchipatala chimene chili pafupi, ndipo asaiwale buku lake la kuchipatala kuti aone katemera amene analandira. Kutupa ndi kutsimphina patapita masiku kukusonyeza kuti balalo layamba kutukusira. Zizindikiro zina zoti aziyang'ana ndi kutentha kwa khungu pamalopo, mafinya, ululu wochulukirachulukira, mwanabere m'mphechepeche ndi kutentha thupi. Phulusa, dothi kapena masamba otafuna zimangowonjezera tizilombo. Chimene chimathandiza pa nthawi imene munthu wangobayidwa n'kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi oyera ambiri, mothira kuti aziyenda, kwa mphindi zingapo, kenako kuphimba ndi nsalu yoyera ndi kupita kukaonetsa. Asagule makapisozi pagolosale n'kumathira ufa wake pabala, monga ambiri amachitira. Oyenera kusankha mankhwala ndi kuona ngati m'kati mwatsalira chinthu ndi achipatala.

A Zimba, Chulu: Pepani kuti ndikulowerera. Kodi tambala wolusa chonchi sangakhale ndi chiwewe? Kwathu ena amatero.

Anankhoma, Mtunthama: Ayi, bambo. Chiwewe ndi matenda a nyama zoyamwitsa monga agalu, amphaka ndi nkhandwe, ndipo sichichokera kwa nkhuku. Choopsa pa bala la tambala ndi kafumbata ndi kutukusira kwa balalo. Ndiwonjezere kuti ana ambiri amakhala otetezedwa chifukwa katemera amene amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 amatetezanso kafumbata, ndipo amayi amabayitsa ali oyembekezera. Koma mphamvu ya katemerayu imachepa ndi zaka, ndipo amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi abambo ndi agogo, amene ambiri sakumbukira n'komwe kuti anabayitsa liti. Munthu akalandira bala lakuya ndi lakuda patapita zaka zoposa 5 chibayitsireni, amafunika kubayitsanso.

A Phiri, Chamama: Zimene mwafotokoza, mayi, sindingazitsutse, ndipo mwanayo apite nayedi kuchipatala. Koma tisasokoneze nkhani ziwiri. Msomali, minga ndi khasu zimabayanso anthu, ndipo sitinasiye kulima chifukwa cha zimenezo. Tambala amalusa kwa munthu amene amamuthawa. Munthu wamkulu akamaima nji osabwerera m'mbuyo, n'kumamugwira ndi kumunyamula kawirikawiri, ambiri amafatsa. Anambewe akhoza kumuika m'khola la mawaya pamodzi ndi mathadzi, adzukulu osalowamo.

A Mwale, Nkhamenya: A Phiri, pamenepo m'pamene ndikusiyana nanu, ngakhale kuti za ubwino wa mtunduwu tikugwirizana. Mwati munthu wamkulu aime nji, koma amene ali pangozi si Anambewe, ndi mwana wa zaka 3 amene sangaime nji, amene adzathawa akulira tsiku lililonse ndipo tambalayo adzaphunzira kuti wapeza womugonjetsa. Tambala akamamenya amalumpha, miyendo patsogolo, mapiko akukupiza. Kwa inu ndi ine kulumphako kumafika m'mawondo, koma kwa mwana wamng'ono kumafika kumaso. Mukapala chikhadabo mlomo utsala, ndipo diso lojomphedwa silibwerera.

Za khola la mawaya tiwerengere bwino. Nkhuku za Anambewe ndi zoyendayenda, zimadzipezera chakudya popalasa. Akazitsekera ayenera kugula mawaya, mitengo ndi misomali, ndiponso kuzipatsa madeya ndi madzi tsiku ndi tsiku. Ndalama imene apulumutsa pa mtengo wa tambala idzathera pa mawaya okha, osafika n'komwe pa chakudya. Komanso pakhomo pa kumudzi chitseko cha khola sichikhala chotseka nthawi zonse: mayi apita kumunda, kumaliro kapena kuchigayo, ndipo amene amatumidwa kukatola mazira ndi mwana yemweyo wa zaka 6.

Pali chinanso chimene mlimi woweta mbewu ayenera kuchiganizira. Khalidwe la tambala limatengera pang'ono kumtundu. Mukaswetsa anapiye a tambala ameneyu, musadabwe atambala ena mwa ana ake akadzatuluka olusa ngati bambo wawo.

A Zimba, Chulu: Ine ndikuona kuti tikuiwala chimene chinapha tambala woyamba. Anambewe, kodi mathadzi otsalawo munawapatsa katemera wa chitopa? Katemera wa I-2, wodontheza m'diso uja, amafunika kubwereza miyezi 4 iliyonse, ndipo mtengo wake pa nkhuku imodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa tambala. Nkhuku iliyonse yochokera kwina, yolusa kapena yofatsa, iyenera kukhala payokha kwa masabata osachepera 2 isanasakanizidwe ndi zinzake. Mukapanda kutero, mudzagula tambala wabwino n'kumukwirira mwezi wotentha ukubwerawu.

A Phiri, Chamama: Pa za katemera ndikuvomereza kwathunthu. Pa za tambala ndikadali pomwe ndinaima, chifukwa ndaweta olusa angapo ndipo anapiye awo anandipindulira. Komabe ndivomere kuti pakhomo panga palibe mwana wamng'ono, ndipo nkhuku zanga zili ndi mpanda wakewake. Anambewe, ngati inu simumutenga, ndiuzeni kumene kuli bamboyo, ndikamuone ndekha tambalayo.

Anankhoma, Mtunthama: Ngati apita kwa a Phiri, kumene kuli mpanda ndipo kulibe ana, ine ndilibe mawu, bola iwo akaonetsetse kuti katemera wawo wa kafumbata sanapitirire nthawi, ndipo azivala nsapato zotseka ndi buluku lalitali polowa mumpandamo. Kwa Anambewe yankho langa ndi ayi, ngakhale atawapatsa ulere. Tambala amene wabaya kale mwana, pakhomo pa ana malo ake ndi mumphika.

Anambewe, Santhe: Zikomo nonse chifukwa cha nthawi yanu. Ndangochokera kwa makolo a mwana uja, ndipo amayi ake avomera kupita naye kuchipatala m'mawa ndi buku lake. Ndawalonjeza kuti ndiwaperekeza, chifukwa bambo ake amaona ngati ndi kabala wamba. Tambalayo sindimugula. Mtundu wa Mikolongwe ndikuufunabe, choncho ndikafunsa alangizi a ziweto a m'dera lathu kumene ndingapeze katambala kakang'ono koti kakulire pakhomo pano adzukulu akukaona, ndipo ndikawafunsanso tsiku limene abweretse katemera wa chitopa. A Phiri, ndikutumizirani kumbali malongosoledwe a njira ya kumudziko, koma mufulumire, chifukwa bamboyo wanena kuti Loweruka likadutsa opanda wogula amupha.