Kodi fangasi ndi amene amakulitsa psoriasis nyengo yotentha?

wa_ku_Namwera:
Akuluakulu, thandizeni nzeru. Kuno ku Mangochi kukangotentha mu Okutobala ndi Novembala, ena odwala matenda a khungu otchedwa psoriasis amadandaula kuti m'mutu mwachuluka mamba, m'khwapa ndi m'mphechepeche mwasupuka. Ena akuti ndi fangasi. Kodi fangasiyo amayambitsa matendawa kapena amangowakulitsa? Nanga mankhwala a chipere angathandize?

zakhungu_boma:
Sayambitsa ayi, achimwene. Psoriasis imachokera ku chitetezo cha m'thupi chimene chimafulumizitsa khungu: maselo oyenera kutenga pafupifupi mwezi kuti afike pamwamba amafika m'masiku ochepa, n'kuunjikana ngati mamba a chambo. Sipatsirana.

Koma fangasi amaikolezera. Pakhungu pa aliyense pamakhala yisiti yotchedwa Malassezia, imene imadya mafuta a khungu, n'chifukwa chake imachuluka m'mutu, pankhope ndi pachifuwa. Ikamagaya mafutawo imasiya timaasidi toyabwitsa. Munthu amakanda, ndipo pa wodwala psoriasis pokandika pamatha kutuluka chigamba chatsopano, zomwe madokotala amati Koebner. Malo opindika, monga pansi pa mabere, wovuta ndi yisiti ina yotchedwa Candida chifukwa cha thukuta. Dzuwa lenilenilo nthawi zambiri limachepetsa psoriasis ya m'zigongono ndi m'mawondo, ndiye musaliimbe mlandu.

M'mutu yesani shampu ya ketoconazole 2%, yolimbana ndi yisitiyo, kawiri pa sabata kwa masabata 4. Thovu likhale mphindi 5 musanatsukuluze, ndipo lifike pakhungu, osati patsitsi pokha. Ambiri amatsuka nthawi yomweyo n'kumati mankhwala ndi abodza. Mfundu ndi kuyabwa zimachepa, koma zigamba zokhuthala zimafunabe salicylic acid yofewetsa mamba, kenako mankhwala a psoriasis enieni.

mayi_wa_labu:
Ndiwonjezepo za kuyeza, poti apa ndi pamene anthu amapwetekera. Chipere ndi psoriasis zimafanana m'maso, makamaka pakhungu lakuda pomwe kufiira sikuoneka bwino. Timapala pang'ono m'mphepete mwa chigamba, osati pakati, n'kudonthezera KOH ya 10% (mankhwala amadzi osungunula mamba kuti fangasi aoneke), kudikira mphindi 15 kapena 20, kenako kuyang'ana pa maikulosikopu. Musadzole chilichonse m'mawa wa tsiku loyezetsa, mafuta amabisa ulusi wa fangasi. Ngati mwakhala mukupaka clotrimazole, mankhwala a fangasi, nenani, chifukwa zotsatira zitha kunama kuti mulibe kanthu.

Choopsa ndi timachubu ta betamethasone ndi clobetasol, mankhwala opaka a steroid ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, togula pamsika. Mukapaka pa chipere kuyabwa kumaleka, mkombero wake umazimiririka, koma fangasi amafalikira mobisa mpaka wachipatala kulephera kumuzindikira. M'mphechepeche ndi m'khwapa khungu ndi lopyapyala, clobetasol amalisiya ndi mizere yosachoka.

Zikhadabo nazo: zokumbika timaenje n'chizindikiro cha psoriasis, koma chikhadabo chowonongeka kale fangasi amalowamo mosavuta. Zonse ziwiri zitha kukhalira limodzi.

mgulitsi_wamankhwala:
Mankhwala a chipere si onse amagwira apa. Griseofulvin amapha chipere cha m'mutu mwa ana, koma Malassezia ndi Candida sawakhudza. Terbinafine wakumwa sathandiza pa Malassezia, ndipo kwa anthu ena ochepa amadzutsa psoriasis. Malo opindika, clotrimazole 1% kawiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4 ndi wokwanira, bola mupukute pouma mukachoka kunyanja ndipo musamavale zothina za nayiloni. Mapiritsi a ketoconazole asiyeni, amatha kuwononga chiwindi. Prednisolone, steroid wakumwa, naye musadzigulire: mukamusiya, psoriasis imatha kubwerera ndi timatuza ta mafinya thupi lonse.

zakhungu_boma:
Chinanso, achimwene. Psoriasis ikakula mwadzidzidzi pamodzi ndi mfundu yambiri kapena zoyera m'kamwa, kayezetseni HIV ndi shuga. Chigamba chotuwa chosamva kukhudza chikhoza kukhala khate, chimenecho n'chachipatala msanga. Yambirani pachipatala cha boma pa Mangochi; zikakanika amatumiza ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre.