Valuvu ya mitral: kuikonza kapena kuika ina?

Wofunsa: Akuluakulu, mayi wazaka 26 valuvu yake ya mumtima yotchedwa mitral ikutayikira chifukwa cha rheumatic heart disease (matenda owononga mavaluvu a mtima), ndipo akufunabe kubereka. Madokotala akuti akhoza kuikonza kapena kuichotsa n'kuika ina. Kusiyana kwake n'kotani?

Yankho 1: Valuvuyi ndi kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo ili pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima. Ili ndi timapiko tiwiri, tizingwe totigwira, ndi mkombero womwe timapikoto timamerapo. Pokonza, dokotala amasokerera kamphete (ring) pamkombero kuti ubwerere mwakale, amadula gawo la kapiko lomwe lalendewera, kapena kuika tizingwe tatsopano ta ulusi wotchedwa Gore-Tex. Ngati zikutheka, kukonza kumaposa kuchotsa: mtima umapopabe bwino ndipo warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, nthawi zambiri amamwa miyezi 3 yokha, pokhapokha ngati mtima ukugunda mosokonekera. Vuto n'lakuti rheumatic imakhuthalitsa timapiko, kutimata ndi kufupikitsa tizingwe. Valuvu yotere ikakonzedwa imatha kuyambanso kutayikira pakapita zaka. Funsani zomwe echo (sikani ya mtima) yaonetsa pa kapiko kakutsogolo. Kakakhala kofewa, kopanda calcium, mwayi ulipo.

Yankho 2: Ikakanika kukonzeka pali mitundu iwiri ya valuvu yoikapo. Yachitsulo imakhalitsa, koma warfarin ndi wa moyo wonse, INR (muyeso wa nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane) izikhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ikatsika magazi amaundana pavaluvu, n'kubweretsa sitiroko kapena valuvuyo kumatika. Ikakwera, magazi amatuluka osaleka. Rivaroxaban ndi dabigatran, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, salowa m'malo mwa warfarin pa valuvu yachitsulo. Warfarin amathanso kupundula mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12. Ina ndi yopangidwa kuchokera ku nkhumba kapena ng'ombe. Iyi sifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha pakadutsa zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imafulumira kuposa pamenepo. Kwa wazaka 26, opaleshoni yachiwiri ndi yosapeweka.

Yankho 3: Musanasankhe yachitsulo, dziwani kaye komwe azikayezetsa INR mwezi ndi mwezi, ndi mtunda wake. Ambiri amaiwala zimenezi. Bactrim ndi Flagyl amakweza INR, rifampicin wa TB amaitsitsa kwambiri. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso asasiye, koma azidya mlingo wofanana masiku onse, chifukwa vitamin K wa masambawa amalimbana ndi warfarin.

Yankho 1: Ndionjezere: ngakhale achite opaleshoni iliyonse, jakisoni wa benzathine penicillin, mayunitsi 1.2 miliyoni milungu 3 kapena 4 iliyonse, apitirire. Opaleshoni sichotsa matenda oyambitsawo, ndipo valuvu ina ya mtima, ya aortic, ikhoza kugwidwanso. Agwirizanenso ndi dokotala asanagone pa tebulo: akakatsegula n'kupeza kuti siikonzeka, aike mtundu uti?