Kodi thanzi n'chiyani kwa munthu wokalamba?

Mdzukulu, Dedza:
Agogo anga a zaka 81 salabadira zoyezetsa kuthamanga kwa magazi, koma amadandaula kwambiri akalephera kupita okha kutchalitchi. Kodi ukalamba umasintha zimene munthu amaziwerengera kuti ndi thanzi?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Umasinthadi, mwana wanga. Ndili ndi zaka 60 ndinkaopa matenda a shuga, koma lero, pa zaka 78, chimene ndimapempha n'chakuti ndizitha kusamba ndekha, kugwirako khasu kudimba, ndiponso kukhala ndi wocheza naye pakhonde madzulo.

Namwino, Lilongwe:
Komabe musawalekerere agogowo. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi, koma kungadzetse sitiroko imene ingawalande miyendo yomweyo. Muwauze mwaulemu kuti mankhwalawo ndi amene aziwafikitsa kutchalitchi.