Kulemba mbiri ya uchamuna, ulemu ndi nkhanza: poyambira ndi pati?

MwanaWaKabwata:
Akuluakulu, funso langa likupita kwa amene anadutsa ku dipatimenti ya mbiri ku UNZA (University of Zambia). Munthu wofuna kulemba masters pa uchamuna, ulemu, chipembedzo ndi nkhanza kuno ku Zambia ayambire pati? Mutuwu ndi waukulu, komanso ku National Archives simungapeze faelo yolembedwa pamwamba kuti "ulemu".

Jere_Chilenje:
Achimwene, zinayi zonsezo simungazisenze pamutu umodzi. Sankhani dera limodzi ndi zaka zosapitirira 30. Tengani Angoni a Mpezeni. Mu Januwale 1898 asilikali a Azungu anawagonjetsa, mu Febuluwale Nsingo mwana wa Mpezeni anaomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mwambo wawo wa Nc'wala unazilala mpaka 1980. Funso lenileni lili apa: mwamuna amene ulemu wake unali pa chishango ndi pa khola, ataluza zonse ziwiri anaupezanso kuti? Ena anapita ku migodi ya ku Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero) kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya lobola, ena analowa sukulu za Dutch Reformed, zomwe zinayambira ku Magwero mu 1899. Buku la John Iliffe la 2005, Honour in African History, likuthandizani kuona kusintha kotereku, koma za ku Chipata mudzazifukula nokha.

AmayiNaphiri:
Ulemu umaonekera bwino pamene waphwanyidwa. Choncho ku Archives, pa Government Road ku Ridgeway, funsani District Notebooks (mabuku amene akuluakulu a boma la atsamunda ankalembamo za dera lawo) za Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, kenako milandu ya kutukwana, ya chigololo, ya kumenyana pa mowa ndi ya kutha kwa maukwati. Pa mlandu uliwonse lembani zinthu zisanu: chaka, wodandaula, ubale wake ndi woimbidwa mlandu, mawu amene anayambitsa ndewu, ndi chindapusa. Mukafika milandu 100 mudzayamba kuona mawu obwerezabwereza. Nambala ya faelo muzilemba musanajambule tsamba loyamba. Ambiri amabwerera kunyumba ndi zithunzi 500 pa foni zosadziwika gwero lake, ndipo woyesa thesis sangazilandire.

Vuto lalikulu ndi womasulira. Mboni inalankhula Chinyanja kapena Chinsenga, kalaliki analemba Chingerezi, ndiye manyazi, chipongwe ndi mwano zonse zinasanduka liwu limodzi. Musamange mutu wonse pa liwu la kalaliki. Ndipo Mchewa wa pa chikamwini, amene ana ake ali m'manja mwa atsibweni awo, musamuyese ndi muyeso wa Mngoni wolowola. Kusakaniza awiriwa ndiko kumagwetsa mapepala ambiri.

Tembo_Mtendere:
Mbali ya chipembedzo ndikanasankha kumpoto. Tomo Nyirenda, wotchedwa Mwana Lesa, mu 1925 ankamiza m'madzi anthu owaganizira ufiti pakati pa Alala, ndipo ananyongedwa mu 1926. Koma nkhani imene imavutitsa maganizo kwambiri ndi ya Lumpa. Mpingowu unayambitsidwa ndi mayi, Alice Lenshina wa ku Chinsali, atadwala n'kuona masomphenya mu 1953. Nanga mu 1964, pamene anthu oposa 700 anafa pa kulimbana kwa Lumpa ndi chipani cha ndale cha UNIP komanso asilikali a boma, anyamata a mbali zonse ankateteza ulemu wa yani? Werengani lipoti la komiti yofufuza la 1965 pamodzi ndi makalata a nthambi za UNIP ndi madayale a White Fathers (amishonale a Katolika) ku FENZA, malo awo osungira zolemba ku Lusaka. Gwero lililonse lili ndi mbali yake, ndiye musadalire limodzi.

Pofunsa anthu, chilolezo cha komiti ya ethics chibwere kaye, kenako mukaonekere kwa mfumu. Opulumuka ena akadali moyo ndipo mabala sanapole. Mayina muwabise, ndipo wokana kujambulidwa mawu musamukakamize.

AmayiNaphiri:
Chinanso pa pepala la mafunso: lembani "uchamuna" kapena "kukhala mwamuna", osati "umuna". Liwu limenelo kwa akuluakulu limatanthauza madzi a abambo, ndipo kucheza kumathera pomwepo. Amayi muziwafunsa paokha, chifukwa pamaso pa amuna awo sanganene amene ankaponya chibakera.

MwanaWaKabwata:
Zikomo kwambiri nonse. Nditenga Fort Jameson, 1898 mpaka 1925. A Jere, kalata ya ku dipatimenti yopita nayo ku Archives ndipemphe proposal isanavomerezedwe kapena pambuyo pake?

Jere_Chilenje:
Isanavomerezedwe. Kakhaleni kumeneko milungu iwiri muone ngati mafaelo a milandu alipodi okwanira, kenako mulembe proposal.