Za kukumana kwa Agogo ku Jali

Amalume Fedson: Moni nonse. Disembala ija yafika. Monga mwa nthawi zonse tikakumana kwa Agogo pa Khrisimasi. Banja lililonse lisonkhe, tigule mbuzi ndi mpunga. Denga la khitchini yawo likudonthanso, malata awiri awola.

Azakhali Esnart: Zikomo achimwene. Za malata ndisonkha ndithu. Koma pa 25 ine ndi ana anga sitibwera, ndipo ndalama yanga isalowe ku phwandolo. Mukudziwa kuti a Mboni sitichita nawo.

Mavuto: Azakhali, ndiye chaka chilichonse? Agogo chaka chatha anakusungirani mbale mpaka madzulo, mpunga unachita kuuma.

Azakhali Esnart: Mwana wanga, sindikana amayi anga. Baibulo silitchula tsiku lomwe Yesu anabadwa. Luka 2:8 amangoti abusa anali kubusa usiku. Mu Disembala Aroma ankachita chikondwerero cha Saturnalia, ndipo pa 25 ankalemekeza mulungu wawo wa dzuwa. Yesu anatiuza kuti tizikumbukira imfa yake. Mtima wanga sundilola.

Chikondi: Ndilowererepo pang'ono, akuluakulu. Khrisimasi ya pa 25 Disembala inalembedwa koyamba ku Rome, ya chaka cha 336. Ena amati inalowa m'malo mwa za dzuwazo, ena amati anawerenga miyezi isanu ndi inayi kuchokera pa 25 Malichi, tsiku lomwe ankati Mariya anatenga pakati. Komanso amalume, Apresibiteriya a ku Scotland, makolo a amishoni omwe anatsegula Domasi, ankaikana Khrisimasi kwa zaka zambiri. Kwawoko inakhala holide mu 1958.

Amalume Fedson: Ee? Ine mkulu wa mpingo ndikumva lero zimenezo. Komabe ife pa 25 tikapemphera, timayamika kuti Mpulumutsi anabadwa, dzuwa sitiligwadira.

Amayi aang'ono Loveness: Aroma 14:5 ikuti aliyense akhale wotsimikiza mumtima mwake. Tisakangane pano. Achemwali Esnart anagona kutchire nthawi ija boma linaletsa Mboni mu 1967, sanagonje. Si Mavuto amene angawasinthe lero.

Alamu Steve: Nafenso a Sabata tikupempha, lisakhale Loweruka. Nkhumba pasapezeke.

Amayi aang'ono Loveness: Ndawawerengera Agogo zonsezi. Akuti Khrisimasi akadyera kutchalitchi ndi anzawo a Mvano. Chomwe akufuna n'kuona ana awo onse pamphasa imodzi, tsiku lililonse.

Amalume Fedson: Basi, amayi alamula. Lamlungu lotsatira Khrisimasi, tikaweruka kumapemphero. Anyamata akakhome malata, ena tikathire feteleza m'munda wa kudimba kuja. Achemwali, pamenepo bwanji?

Azakhali Esnart: Pamenepo ndibwera ndi ana onse. Pasakhale mtengo wokongoletsa ndi nyimbo za Khrisimasi. Thobwa ndifulula ine, mawere ndili nawo.

Mavuto: Ana anga adzavala zovala zawo zatsopano, musadzakhumudwe azakhali.

Azakhali Esnart: Malaya ndi malaya, avale.

Amalume Fedson: Steve, mbuzi ukafune ku Thondwe mitengo isanakwere. Loveness, mpunga wa kilombero ku Mpondabwino. Matemba a ku Kachulu ndibweretsa ndine. Ndalama zonse pa Mpamba ya Loveness pofika pa 15.

Alamu Steve: Chabwino. A ku Chinamwali ndi Matawale ndidzakutengani pa galimoto, malo alipo a anthu anayi, malata pamwamba.