Nguluwe yolasidwa yathawira m'famu ya eni, nyamayo ndi ya ndani?

A admin, ndibisireni dzina chonde.

Abale ndithandizeni nzeru, makamaka odziwa malamulo ndi akuluakulu amene munasakako. Ine ndimakhala ku Chirimba koma bambo anga ali kumudzi mbali ya ku Chileka, kuseri kwa phiri la Michiru. Chaka chino nguluwe zawasautsa. Zimagwetsa chimanga usiku, kudya mondokwa theka n'kusiya, kenako kukafukula chinangwa. Mpaka mudala anamanga kachisakasa n'kumagona kumunda ndi agalu awo.

Loweruka mbandakucha kunabwera chimphona. Agalu anachizinga pachulu, bambo n'kuchilasa paphewa, koma sichinagwe. Chinathyola mtengo wa mkondo n'kuthawa chitsulo chili m'thupi. Anachilondola ndi mlamu wanga potsata magazi pa masamba a chimanga mpaka pa waya wa famu yoyandikana nafe. Famuyo ndi ya bwana wina wa m'tauni, malo a lizi, muli ng'ombe ndi mabulugamu. Pansi pa wayapo nguluwe zinakumba njira yawo, ndipo ubweya ndi magazi zinali pa minga ya waya.

Bambo anaitana mlonda. Mlonda anati bwana analetsa, wa agalu ndi mikondo salowa. Anamuchonderera kuti alowe limodzi, adzalandira mwendo, koma anakanitsitsa. Mlamu wanga ndi wa mtima wapachala, anangokweza waya n'kulowa ndi galu mmodzi. Sanapite patali, alonda ena anamubweza. Madzulo ake mudzi wonse unamva fungo la nyama yowamba kuchokera ku nyumba za alonda.

Tsopano bwanayo watumiza uthenga kuti nkhani ya mlamu aipititsa kupolisi. Bambonso akuti akasuma kwa a mfumu kuti awalipire nyama yawo ndi mkondo. Kodi mlenje alibe ufulu wotsata nyama imene wailasa yekha? Nanga tiyambire kuti?

Mayankho

Agogo a ku Lirangwe: Mwanawe, pa uzimba nyama ndi ya amene wayamba kuitulutsa magazi. Kwathu ikakagwera patali, womalizitsa ankapatsidwa mwendo, a mfumu a malowo gawo lawo, yotsala inkabwerera kwa mwini mkondo. N'chifukwa chake aliyense ankaudziwa mkondo wake. Bambo ako sakulakwa kudandaula. Koma nthawi imeneyo tchire linalibe waya, ndipo uzimba ankalengeza ndi a mfumu, sunali wa munthu mmodzi.

Mnyamata wa kabaza, Ndirande: Alondawo adya thukuta la mudala basi. Ndiwo ya ulere.

Wophunzira malamulo: Pepani achimwene kapena achemwali, yankho langa silikukomerani. Lamulo loona za nyama zakutchire, National Parks and Wildlife Act la 1992 limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna kuti amene wavulaza nyama ayesetse kuimalizitsa, isavutike. Koma lomwelo silikupatsani chilolezo choilondola m'malo a munthu amene sanakuloleni kulowa, kapena m'malo otetezedwa ngati nkhalango ya Michiru. Chofunika n'kudziwitsa mwini malo. Apa bambo anachita bwino kuima pa waya n'kuitana. Amene wakupatsani vuto ndi mlamu, chifukwa analowa atakanizidwa kale, ali ndi galu, ndipo alonda ndi mboni.

Chachiwiri ndi chimene anthu ambiri sachidziwa. Kupha nyama yotetezedwa poteteza moyo kapena mbewu zako n'kololedwa, koma nyamayo siisanduka yako ayi. Umayenera kukanena kwa a Parks (nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire), iwo ndiwo amagamula za mtembowo. Ndiye musanakweze mawu kuti nyama yathu, nyama yathu, pitani ku ofesi yawo ku Michiru mukafotokoze kuti nguluwe zikuononga minda ndipo imodzi inalasidwa m'munda mwenu. Akuuzani gulu limene nguluwe ili, chifukwa zilango zimasiyana malinga ndi nyama. Ya ngaka kapena njovu munthu atha kulowa mpaka zaka 30.

Agogo a ku Lirangwe: Ndiye nguluwe idye chimanga changa, nyama idye boma?

Wophunzira malamulo: Agogo, ine ndangonena zolembedwa. Komanso dziwani kuti alondawo sanapeze umwini chifukwa choti yafera kwawo.

Mayi woweta nkhumba, Lunzu: Ndilankhuleko ngati mwini kafamu. Mukuona ngati alonda ndi ouma mtima, koma akuba ng'ombe amabweranso chimodzimodzi, ati tikutsata galu wathu, pamene akuona pamene pali khola. Ena amayatsa tchire kuti agwire mbewa, mitengo ya zaka zambiri n'kupsa tsiku limodzi. Mlonda akalola mmodzi, mawa ntchito yatha. Chimene ndikuwadzudzula n'chakuti sanamuimbire bwana wawo pomwepo, foni ali nayo. Nguluwe yovulala ndi yoopsa, mano ake amang'amba galu ngakhale mwendo wa munthu, siyofunika kuisiya izingoyenda pafupi ndi abusa. Ndipo ine nyama yake sindingailole pakhomo, nguluwe zimasunga chigodola cha nkhumba osadwala nacho.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mayi, nambala ya bwanayo bambo anaipempha, mlonda anati alibe mayunitsi. Zoti mlamu analakwa ndazimva. Koma bambo chimene chikuwapweteka kwambiri ndi mkondo, unali wa malemu agogo. Nanga tikapita kwa a mfumu, bwana wa lizi angabwere ku bwalo la m'mudzi?

Wophunzira malamulo: Sangakakamizidwe ngati mmene angachitire munthu wa m'mudzimo, koma ambiri amabwera kapena kutumiza kapitawo, poti antchito awo ndi madzi awo zimachokera m'midzi yomweyo. Musapite ngati osuma. Apempheni a mfumu atumize nthumwi kwa bwanayo nkhani isanafike kupolisi, mlamu apepese za waya, inu mupemphe chitsulo cha mkondo. Chimenecho ndi katundu wa bambo, palibe angatsutse. Za nyama zisiyeni.

Mayi woweta nkhumba, Lunzu: Pomwepo mupemphenso bwanayo atseke pansi pa wayapo. Ngati nguluwe zikugona m'mabulugamu ake n'kumadya kwa inu, nayenso ali ndi mbali. Mugwirizanenso kuti ikadzalowanso ina yovulala aimbiridwe ndani, nambala mulembe.

Mnyamata wa kabaza, Ndirande: Mukamapita kwa a mfumuko mlamu mumusiye kunyumba kaye, angakakwezenso waya wina.

Mwini funso: Ndikwera ya ku Chileka Lachisanu ndikaweruka. Alipo akudziwa ngati a Parks ku Michiru amatsegula Loweruka, kapena ndipemphe tchuthi Lolemba?